Kutchuka sikulera ana amasiye

Pa 7 June 2024 Ralph Kasambara, loya wodziwika yemwe anakhalapo nduna ya zamalamulo, anamwalira ku Lilongwe. Lolemba pa 10 June, wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Saulos Klaus Chilima, anakwera ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 pa bwalo la ndege la Kamuzu kuti akatere ku Mzuzu, kenako alowere ku Nkhata Bay kukaika mnzakeyo m'manda. Unali ulendo wa mphindi 45 zokha. Kumpotoko kunali chifunga, ndipo ndegeyo sinafike ku Mzuzu. Mawa lake anaipeza itaphwasuka pa phiri la ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa. Anthu onse 9 amene anali m'menemo anafera pomwepo. Chilima anali ndi zaka 51.

Misozi isanaume, pa 30 June, uthenga unachokera ku South Africa wakuti Soldier Lucius Banda watisiya atavutika nthawi yaitali ndi impso. Iye anali ndi zaka 53. M'mwezi umodzi dziko linaika loya, mtsogoleri ndi woimba, onse a msinkhu umene ife timati munthu akadali ndi mphamvu zake.

Amalawife kulira maliro timatha. Timagona pa siwa, timaimba usiku wonse, timasonkha chipepeso, akuluakulu amalankhula mawu okoma ndi kulonjeza kuti ana a malemu sadzavutika. Chimene chimativuta ndi tsiku limene matenti achotsedwa, magalimoto abwerera m'tauni, pakhomo patsala mayi wamasiye, ana ndi mapoto akuda oti atsukidwe. Nkhani yanga ili pa tsiku limenelo. Sindikuloza chala mabanja a anthu atatuwa, chifukwa anakumana ndi zowawa zokwanira. Ndikulankhula ndi inu amene mukadali moyo, kaya dzina lanu limamveka pa wailesi kaya limangodziwika pa msika wa ku Jenda.

Tiyambe ndi anthu 8 aja amene anafera limodzi ndi Chilima. Ambirife tingatchule Shanil Dzimbiri, amene anakhalapo mayi wa fuko. Nanga enawo? Munali asilikali atatu oyendetsa ndege, munali achitetezo, munali wazachipatala ndi woona za dongosolo la ulendo. M'nkhani zambiri iwowa amangotchedwa kuti “ndi ena”. Koma aliyense wa iwo anatuluka m'nyumba m'mawa umenewo atasiya wina akuyembekeza kuti abwera madzulo. Panali fizi yoti ilipidwe, nyumba yosamaliza, kholo kumudzi lodikira ndalama ya feteleza. Ambirife tikadzafa tidzakhala m'gulu la “ndi ena”, ndipo palibe boma limene lidzalengeze masiku 21 otilira. Ana athu adzadya zokhazo zimene tinakonza tili moyo.

Ngakhale dzina lalikulu limene silisunga zimene mwini wake anamanga ngati zonse zinali pa mapewa ake. Pa chisankho cha 2019 Chilima anapeza mavoti opitirira 1 miliyoni, chipani chake cha UTM chisanathe ndi chaka chimodzi chomwe. Atamwalira, wachiwiri wake m'chipanimo, Michael Usi, anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, koma sipanatenge nthawi kuti iye ndi chipanicho asiyane njira. Msonkhano waukulu umene unachitikira ku Mzuzu mu November 2024 unasankha Dalitso Kabambe, ndipo pa chisankho cha pa 16 September 2025 Usi ndi Kabambe anaima aliyense payekha. Mavoti a onse awiri kuwaphatikiza sanayandikire n'komwe aja a 2019. Anthu a kumpoto zoterezi si zachilendo kwa iwo. AFORD ya Chakufwa Chihana inatenga mipando 36 m'nyumba ya malamulo mu 1994, koma pofika 2009, patangopita zaka zitatu mwini wake atamwalira, inali itatsala ndi mpando umodzi. Anthu ankatsata munthu, ndipo munthuyo atapita aliyense anayang'ana kwake.

Kwa oimba nkhaniyi imapweteka kwambiri, chifukwa mawu awo amatsala akumveka pamene m'nyumba mwawo mulibe ufa. Allan Namoko wa ku Thyolo, wosaona uja, ankaimba ndi banjo pamodzi ndi Chimvu River Jazz Band, ndipo panalibe nyumba yokhala ndi wailesi imene sinamve mawu ake. Chimbale chake china chinatuluka kunja kwa dziko lino ndi mutu wakuti Ana Osiidwa. Anamwalira mu 1995 ali wosauka. Mpaka lero nyimbo zake zikulira m'mabala ndi m'maminibasi, anyamata a m'tigolosale akuziika m'mafoni a anthu pa mtengo wa ndalama zochepa, koma wolipirayo saganiza n'komwe kuti nyimboyo ili ndi eni ake amene atsala.

Angoni a ku Mzimba ayenera kuidziwa nkhani ya Solomon Linda, popeza ndi wa kwawo kumene makolo awo anachokera. Mu 1939 Mzuluyu anajambula nyimbo yotchedwa Mbube ku Johannesburg, ndipo umwini wake anaupereka ku kampani ya Gallo pa mashiling'i 10. Nyimboyo inawoloka nyanja, azungu anaisintha n'kuitcha The Lion Sleeps Tonight, kenako inalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King. Inapindulitsa anthu ambiri amene sanamuonepo Linda ndi maso. Iye anamwalira mu 1962 alibe kanthu, moti banja lake linatha zaka zambiri lisanakwanitse kuika mwala pa manda ake. Ana ake aakazi anadzapeza kangachepe mu 2006, maloya atalimbana m'khoti, pamene mmodzi wa iwo anali atamwalira kale mu umphawi. Zonsezi zinayambira pa pepala limodzi limene munthu anavomereza osadziwa kulemera kwa chimene akupereka.

Mnyamata wa lero amene akujambula nyimbo mu situdiyo ya chipinda chimodzi ku Mzimba boma angaganize kuti zimenezo n'zakale. Si zakale ayi. Wojambula amakuuza kuti usalipire, tidzagawana nyimbo ikadzagunda. Simulemberana chilichonse. Wina amakutsegulira tsamba pa YouTube pa imelo yake, nambala yolandirira ndalama n'kukhala yake. Nyimbo ikadzatchuka, kapena iwe ukadzafa, mkazi wako adzapita kwa ndani, ndipo adzanyamula umboni wotani? Giddes Chalamanda anali ndi zaka zoposa 90 pamene nyimbo yake ya Linny Hoo, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020, inafalikira pa TikTok n'kuonedwa kambirimbiri m'maiko amene iye sanapondemo. Mwayi wake unali wakuti zinachitika akadali moyo, ndipo panapezeka anthu omuyankhulira. Ambiri mwayi wotero saupeza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chitetezo chilipo. Bungwe la COSOMA lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992, kutolera ndalama kwa mawailesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo n'kumagawira eni ake. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limati umwini wa nyimbo umapitirira kwa zaka 50 woipekayo atamwalira. Tangoganizani: zaka 50. Mwana amene ali kumsana lero akhoza kudzaphunzira, kukwatira mpaka kuona zidzukulu nyimbo ya bambo ake ikadali chuma cha banja. Oimba amadandaula kuti ndalama zimene amalandira n'zochepa ndiponso zimachedwa, ndipo dandaulo lawo ndi lomveka. Komabe nyimbo yosalembetsa, yosadziwika kuti anapeka ndani, anaimba ndani, wolowa m'malo ndani, siingabweretse ngakhale tambala.

Kum'mwera kwa Mzimba komweko kuli umboni wakuti cholembedwa chimakhalitsa. Donald Fraser, m'busa wa ku Scotland amene anakhazikika ku Loudon, ku Embangweni, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, sanafune kuti Angoni ndi Atumbuka azingoimba nyimbo zomasuliridwa kuchokera ku Ulaya. Ankalimbikitsa akhristu kupeka zawozawo pa maimbidwe a makolo awo, ndipo pa misonkhano ikuluikulu magulu ankapikisana. Mwa opeka odziwika a nthawi imeneyo munali Mawelera Tembo, mmodzi wa Angoni oyamba kubatizidwa mu 1890, Peter Thole ndi Charles Chinula. Anthuwa analibe situdiyo, analibe wailesi, analibe kanema. Koma nyimbo zawo zinalembedwa, zinalowa m'buku la Sumu za Ukhristu, ndipo mpaka lero zikuimbidwa m'matchalitchi a CCAP a sinodi ya Livingstonia. Zina zinafika mpaka m'mabuku a nyimbo a ku Scotland. Chinula anadzasiyana ndi mishoni m'zaka za m'ma 1930 n'kuyamba mpingo wake, koma nyimbo zake zinatsala m'buku, dzina lake silinafufutike. Ndi angati oimba ingoma ndi vimbuza a nthawi yomweyo, aluso lofanana, amene maina awo anakwiriridwa nawo limodzi chifukwa panalibe wowalemba?

Njira ina ndi kuphunzitsa anthu uli moyo. Evison Matafale anafera m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001 atatulutsa zimbale za Kuimba 1 ndi Kuimba 2. Ambiri ankati basi zathera pomwepo. Koma iye sankaimba yekha. Anali ndi abale ake a kwa Fumulani, ana a Robert Fumulani amene anakulira m'nyimbo ku Chileka, ndipo gulu lawo la Black Missionaries linapitiriza. Musamude Fumulani atamwalira mu 2007, m'bale wake Anjiru anatenga maikolofoni, ndipo zimbale za Kuimba zinapitirira 10. Lucius Banda nayenso, pa zonse zimene anachita mu ndale ndi mu nyimbo, ine ndimaona kuti chachikulu n'chakuti anatsegulira ena chitseko. M'manja mwake ndi mwa mkulu wake Paul Banda ku Balaka munadutsa oimba ambiri, monga Mlaka Maliro ndi Billy Kaunda, amene anadzakhalapo phungu wa Mzimba West. Munthu wotero akagona, luso lake limakhala lili kale m'manja mwa ena. Woimba woumira, amene safuna kuti wa gitala wake adziwike, amapita nazo zonse kumanda.

Pa za chuma cha masiye, akuluakulu enieniwo ndiwo atipatsa zitsanzo zochititsa mantha. Kamuzu Banda atamwalira mu November 1997, nkhani ya chuma chake inazungulira m'makhoti kwa zaka. Bingu wa Mutharika atamwalira mwadzidzidzi pa 5 April 2012, nyuzipepala zinalemba kuti owerengera apeza chuma cha pafupifupi K61 biliyoni, a banja anatsutsa chiwerengerocho, ndipo mayi wamasiye ndi ana a malemuyo anakapezeka m'khoti. Bob Marley anamwalira mu 1981 osasiya wilo, ndipo milandu inatenga zaka zoposa 10. Oliver Mtukudzi, amene Amalawi tinkamukonda ngati wathu, anamwalira mu January 2019, ndipo kusamvana kwa mkazi wake ndi ana ake aakazi a m'banja loyamba kwakhala kukumveka poyera mpaka pa nsanja ya zoimbaimba. Munthu amene moyo wake wonse ankalangiza mabanja m'nyimbo, lero dzina lake likutchulidwa pa mkangano wa pakhomo pake. Pepala la wilo n'lofunika, koma lokha silikwanira. Ngati muli ndi ana a m'nyumba ziwiri kapena zitatu, akhazikeni pansi inu mukadali ndi mawu, adziwane, amve kuchokera pakamwa panu. Mwana amene akuonekera koyamba pa tsiku la maliro, atagwira dzanja la mayi ake pambali pa bokosi, amakhala atalakwiridwa, ndipo womulakwira ndi amene wagona m'bokosimo.

Aliyense amene amayenda pa msewu wa M1 kuchoka ku Mzimba kupita ku Mzuzu amaona ndi maso ake mmene cholowa chimathera. Nkhalango ya Chikangawa ndi ya mahekitala pafupifupi 53,000, ndipo inkatchulidwa m'gulu la nkhalango zobzalidwa ndi manja zazikulu kwambiri mu Africa. Mitengo yambiri ya paini inabzalidwa dziko litangolandira ufulu, ndi cholinga chakuti idzadyetse fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Obzalawo anapita. Anadza ena ndi macheka, malole a matabwa n'kumatuluka usana ndi usiku, kubzala kuli kochepa, moto ukulowa chaka ndi chaka. Kumene kampani ya Raiply ndi ena akubzalanso mitengo ilipo, koma m'mapiri ambiri mwatsala zitsa zakuda ndi udzu, ndipo mphepo imangodutsa. Chuma cha munthu wotchuka chimathanso motero pamene odya achuluka, wobzala palibe, ndipo mwini wake sananene kuti asamale ndani.

Tsopano ndibwere kwa inu a kwathu kuno amene simunaimbepo pa wailesi. Ku Mzimba kutchuka kuli ndi nkhope yakeyake. Ndi mnyamata amene anapita ku Joni, wabwera ndi galimoto yokoka ngolo yodzaza katundu, wamanga nyumba ya malata amitundu ku Embangweni kapena ku Euthini, ndipo pa maliro alionse dzina lake limatchulidwa pa chipepeso. Ndalama amatumiza kwa mchimwene wake. Puloti anagula m'dzina la mchimweneyo chifukwa iye anali kutali. Ng'ombe zili m'khola la bambo aang'ono. Chigayo akuyendetsa ndi msuweni. Zonse zili pakamwa, palibe cholembedwa, chifukwa pa chibale kulemberana kumaoneka ngati kusakhulupirirana. Tsiku lina foni imalira usiku, thupi limabwera pa msewu wautali wodzera ku Zimbabwe ndi Mozambique. Maliro akatha, akuluakulu amakhala pansi pa mtengo, mayi wamasiye ali poteropo chogwada, mutu uli pansi. Wina amatulutsa makiyi a galimoto m'thumba mwake n'kunena kuti aziisunga ndi iye. Wina amati pulotiyo ndi yake kuyambira kale, mapepala ndi awa. Mayiyo akafuna kuyankhula amakumbutsidwa kuti iye anachita kulowoledwa. Chaka chisanathe mwana woyamba wasiya sukulu, ndipo nayenso wayamba kufunafuna pasipoti.

Mwambo wa malowolo pawokha sunali woipa. Cholinga chake chinali chakuti mayi ndi ana akhale ndi kwawo, a kuchimuna awasamale mpaka ana akule. Amene amautchula pofuna kulanda galimoto ndi nyumba akunamizira makolo. Kumene kuli chikamwini nakonso zimachitika, kungoti olandawo amabwera ndi dzina lina. Ndipo lamulo la dziko lino linanena kale momveka. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake onse, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu umene munthu angapite nawo kundende. Koma mayi amene ali pa chisoni, wopanda ndalama ya basi yopitira kwa DC ku boma, woopa kutchedwa mfiti imene yadya mwamuna wake, kawirikawiri amangokhala chete. Lamulo limamuthandiza msanga ngati mwamunayo anasiya mawu ake pa pepala.

Ndikudziwa chimene chimatigwira manja. Timati kulemba wilo n'kudziitanira imfa. Timaopanso kuti mkazi kapena ana akadziwa zimene adzalandire ayamba kutiwerengera masiku. Koma amene anakwera ndege ija pa 10 June sanaitane imfa. Ankapita kukalira mnzawo, ndipo madzulo ake anali ndi zochita zina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kukhala chete sikutalikitsa moyo wa munthu ndi tsiku limodzi lomwe, kumangosiyira ana nkhondo imene sangaimenye.

Wilo si ya anthu olemera okha, ndipo sichita kufuna Chingerezi. Mukhoza kuilemba m'Chichewa kapena m'Chitumbuka. Chofunika n'chakuti ikhale yolembedwa, inene momveka kuti chakuti chipite kwa uje, ndipo muisayine pamaso pa mboni ziwiri zimene nazonso zisayine. Mboni zikhale anthu amene sakulandirapo kanthu, kuti pasadzakhale ponamizira. Mutchulemo ana onse, ndi a kunja omwe. Mutchule munthu amene adzayang'anire kagawidwe kake. Musaibise m'denga kapena pansi pa matiresi pomwe woyamba kuipeza akhoza kuing'amba. Kaisungitseni kwa loya, ku khoti kapena ku ofesi ya DC, ndipo munthu mmodzi wokhulupirika adziwe kumene ili. Puloti imene munagula ndi thukuta lanu ilembedwe m'dzina lanu. Mkazi wanu adziwe banki imene mumasungako ndalama, adziwe amene muli nawo ngongole ndi amene akusungirani ng'ombe. Ngati ndinu woimba, lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, tchulani wodzalandira m'malo mwanu, sungani nokha nyimbo zoyambirira zochokera mu situdiyo, ndipo musasayine pepala limene simunalimvetse ngakhale wokupatsaniyo akumwetulira chotani.

Inunso achibale a kuchimuna, amalume ndi azakhali, mukadzakhala pansi pa mtengo paja kumbukirani kuti ana amene mukuwalanda ndi magazi anu omwe. Mafumu ndi abusa, musamangodalitsa nsima ya pa maliro n'kunyamuka nkhani ya katundu isanayambe. Khalani pomwepo, mayi wamasiye apatsidwe mpata woyankhula.

Ndipo inu bambo, inu mayi, amene mwawerenga mpaka pano muli ndi mphamvu zanu, musadikire kuti mudwale. Sabata ino gulani kope, itanani akunyumba kwanu, muwauze zimene muli nazo ndi kumene zili, kenako mupeze mboni ziwiri musayine.